Kodi Nkhalamba Ingapirire Opareshoni ya Matumbo?

Inu a ku Mua, ku Golomoti ndi ku Mtakataka, kapena munamvapo mau akuti, "Agogo akalamba, mpeni sangaupirire, tingowasunga pakhomo." Mau amenewa ataitsa anthu amene akadacira.

Kale dokotala akafuna kukonza matumbo ankang'amba bala lalitali pamimba. Tsopano iripo njira yina. Dokotala amaboola timabowo tinai kapena tisanu, tonenepa ngati cala, nalowetsa mpweya kuti mimba ifufume, ndipo pa bowo limodzi amapisa kamera yoonda ngati bango. Zam'kati zimaoneka pa kanema, iye nagwira nchito ndi zitsulo zazitali. Ku Germany anayamba kucotsa ndulu ndi njirayi m'caka ca 1985, ndipo pofika caka ca 1991 madokotala a ku America anali atayamba kudula nayo matumbo akulu.

Poyamba ena ankaopa kuti okalamba njirayi siiwayenera, koma zaoneka kuti iwonso amapindula nayo kwambiri. Cimene cimavuta nkhalamba kawirikawiri si mpeni ai, koma kugona masiku ambiri pambuyo pace. Makhololo amadzaza m'cifuwa, cibayo cimalowa, bala limacita mafinya, magazi amaundana m'miyendo. Munthu wa timabala tating'ono samva ululu wambiri, amatsokomola mosaopa, amadzuka msanga, nabwerera kwao asanafooke. Komabe si onse angaicite. Mpweya uja umapanikiza mtima ndi mapapu, ndipo opareshoni yace imatalikirapo. Ncifukwa cace dokotala amayamba wayesa mtima, cifuwa ndi magazi. Gogo wa zaka 75 amene akulimabe dimba lace angapirire koposa munthu wa zaka 55 wa mtima wofooka.

Njira ya timabowo imafuna magetsi osazima, zipangizo zodula ndi dokotala wozolowera, cotero ndi nchito ya zipatala zazikulu. Imayenera makamaka wodwala amene wafika nthawi iripo, napatsidwa tsiku la opareshoni.

Apa mpamene pali nkhani yathu. Kuno ku Malawi kuli nthenda ya kupotana kwa thumbo lalikulu, imene madokotala a ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe amaiona kawirikawiri, makamaka mwa amuna acikulire. Thumbo limadzipota ngati cingwe, njira nkutsekeka. Mimba imatupa ngati ng'oma, munthu sacita cimbudzi, ngakhale kuphwisa saphwisa (musacite nazo manyazi, cimeneci ndi cizindikilo cacikulu), kenaka amasanza. Thumbo lopotanalo likasowa magazi limaola. M'mimba yotupa cotero zitsulo zija zimasowa malo, ndipo dokotala amang'amba bala lalikulu. Limenelonso limapulumutsa, ngati wodwala wabwera thumbo lisanaole.

Mukaona zizindikilozi, musadikire kuti kuce kawiri. Musawamwetse agogo mankhwala otsegula m'mimba, musawateme mphini, musawakakamize phala. Fulumirani nao ku cipatala ca Mua Mishoni, cimene cakhala cikuthandiza anthu a kunyanja kuno kuyambira 1911, kapena ku cipatala ciri conse capafupi. Kumeneko adzaona ngati nkofunika kuwatumiza ku cipatala cacikulu. Tengani buku lao la kucipatala ndi mankhwala onse amene amamwa, ndipo apite nao munthu wodziwa tsiku limene anacita cimbudzi komariza, pakuti dokotala adzafunsa zimenezo.