Bandi Yavina Bwino, Nanga Nyimbo Yapita Kuti?

Ngati mukhala ku George, ku Lilanda, ku Zingalume olo ku Matero, simufunika kalenda kuti mudziwe kuti Marichi wafika pafupi. Makutu amakuuzani okha. Dzuwa likangopendeka, kuseri kwa tchalitchi kapena pabwalo la sukulu ng'oma yaikulu imayamba kugunda, tung'oma tating'ono tikuyankha, ndipo pali mfana mmodzi wa lipenga amene akulimbana ndi noti imodzimodzi kuyambira Lolemba. Onsewo akukonzekera 8 Marichi tsiku la azimai, 12 Marichi tsiku la achinyamata, 1 Meyi tsiku la anchito, mpaka 24 Okutobala. Ba Boys' Brigade, ba Girls' Brigade, ba Pathfinder, ba Salvation Army, mabandi a masukulu na ma majorette awo, aliyense afuna kuti akadutsa anthu akambe za iye.

Manje yesani ichi bandi ikadzadutsa pafupi na kantemba kanu. Ikangokhota pakona, yesani kuimba na mluzu chimene amaliza. Kale sichinali chovuta. Inali nyimbo ya m'buku la kutchalitchi, olo ya asilikali, olo kalindula amene ambuya anu amadziwa, ndipo mumapita nayo kunyumba mpaka nsima kupsa ikali m'mutu. Masiku ano mabandi ambiri achinyamata amaliza kachidutswa ka nyimbo yotchuka, asanafike pakati aima, a ng'oma agwada, timitengo taponyedwa m'mwamba, onse atembenuka kamodzi, avina pang'ono, kenako kachidutswa ka nyimbo ina. Mafoni onse ali m'mwamba kujambula. Mufika kunyumba na vidiyo yabwino maningi, koma mluzu mulibe.

Musafulumire kunena kuti ni ana a masiku ano. Nkhani imeneyi yachokera kutali, ndipo kumene yachokerako akuluakulu akali kukangana nayo.

Mukatenga foni ya mtsogoleri wa ng'oma aliyense amene amaikonda nchito yake, mwina mudzapezamo mavidiyo a ku America a Drum Corps International, imene amaifupikitsa DCI. Bungwe limeneli linayamba mu 1972. Magulu ake ni a achinyamata osapitirira zaka 22, gulu lalikulu limakhala na anthu opitirira 150, ndipo amaonetsa masewero a mphindi pafupifupi 11 pabwalo la mpira wa ku America. Kuyambira 2009 mpikisano womaliza umachitikira ku Lucas Oil Stadium mumzinda wa Indianapolis mwezi wa Ogasiti. Maina amene bafana a ng'oma amatchula ngati matimu a mpira ni Blue Devils a ku Concord, California, amene apambana kambiri kuposa onse, na Bluecoats a ku Canton, Ohio.

Magulu amenewa anayamba ngati athu omwewa: a matchalitchi, a masikauti, a mabungwe a asilikali opuma, kuguba mumizere yowongoka atavala zipewa zazitali. Kusintha kunabwera pang'onopang'ono. M'zaka za m'ma 1980 Garfield Cadets, na mkonzi wawo wa mayendedwe George Zingali, anasiya zija zoti kumanzere kufanane na kumanja, anayamba kujambula mizere yokhotakhota imene imasungunuka ikuyenda, oliza akuthamanga. Mu 1993 Star of Indiana anabweretsa nyimbo zolimba za Samuel Barber na Béla Bartók, zimene munthu wamba sangaimbe na mluzu. Anthu ambiri m'sitediyamu sanazikonde, koma gululo linatenga nambala 2, ndipo okonza masewero anaona kumene mphepo ikupita. Mu 2000 analola malipenga a kiyi iliyonse m'malo mwa aja akale a G okha. Mu 2004 maikolofoni na masipika analowa, mu 2009 zoimbira za magetsi, mu 2014 trombone. Pofika 2016 Bluecoats anapambana koyamba na sewero lotchedwa Down Side Up, opanda zipewa, atavala zothina zoyera, akukwera na kutsetsereka pa zinthu zazikulu zokhota zimene anaziika pabwalo. Kuchokera pamenepo yunifomu ya chisilikali inayamba kusowa, magulu ambiri akusoketsa zovala zatsopano chaka chilichonse malinga na nkhani ya sewerolo.

Chimene chikuyendetsa zonsezi ni mapointi, kaili. Pa 100, oweruza amapereka 30 pa kuimba, 30 pa zooneka, na 40 pa mmene sewero lonse lakhudzira oonera. Munthu sangalize lipenga bwino uku akugubuduka pansi, ndiye mkonzi amagawa nthawi: apa mulize mwamphamvu mutaima, apa muike malipenga pansi muvine, pamene a marimba na kiyibodi amene ali kutsogolo, amene sagubako, agwirizira nyimbo kudzera m'masipika. Zotsatira zake nyimbo imadulidwa tizidutswa. Okonda akale amadandaula kuti sakumvanso nyimbo yoyamba na kutha. Achinyamata amayankha kuti oliza a lero ni akatswiri kuposa akale, ndipo kunena zoona sakunama. Mvetserani ng'oma zazikulu zisanu, iliyonse kukula kwake na liwu lake, anthu asanu akugawana manoti mothamanga mpaka kumveka ngati dzanja limodzi. Chimenecho n'chovuta kuposa mmene chimaonekera pa foni.

Kukopera sikolakwa, mwandi, ndipo sitinayambe lero. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 anthu a kugombe la Kenya na Tanzania anaona mabandi a asilikali a azungu, anapanga gule wawo wotchedwa beni, dzina lochokera ku liwu lomweli la bandi. Gule ameneyu anayenda na asilikali na anchito mpaka kufika kuno. Ku Malawi na kum'mawa kwathu anakhala mganda na malipenga, amuna atavala zoyera zosita bwino, akuguba m'mizere, akuliza mphonda zotsekedwa na nembanemba ya kangaude m'malo mwa malipenga achitsulo. Ku migodi anakhala kalela. J. Clyde Mitchell, amene anaonera kalela ku Luanshya na kulemba za iye mu 1956, anapeza ng'oma zopangidwa na madiramu a mafuta, ovina otchena, wina atavala ngati dokotala, wina ngati nesi. Ambuya athu amenewo ankapikisana mudzi na mudzi, gulu na gulu, ndipo ankadziwa bwino kuti maso a anthu afunika kudya. Koma chimene chinkapambanitsa gulu chinali nyimbo zimene ankapeka okha, zoseka anzawo, zokamba za m'tauni, zimene oonera ankapita nazo kwawo. Anatenga mizere na yunifomu kwa azungu, mawu na mayimbidwe anaika awo.

Pamenepo m'pamene ine ndimaima. Bandi ya m'komboni ikatenga ku DCI kuponya timitengo na kugwada chabe, yatenga chikopa yasiya nyama. Ana a ku Indianapolis aja asanagubuduke amakhala maola tsiku lililonse akuliza manoti aatali, kuphunzira kupuma, kuyeza phazi kuti masitepe 8 akwane ndendende pa mayadi 5. Zimenezo pa TikTok sizioneka chifukwa sizikoma kuonera.

Ndiye palinso nkhani ya malo. Sewero la DCI analikonzera munthu wokhala pamwamba m'sitediyamu, amene akuona chithunzi chonse pansi. Inu oonera anu aima m'mbali mwa msewu, pafumbi, wina wanyamula mwana kumsana, wina akugulitsa chimanga chootcha, minibasi ikuliza huta kumbuyo kwanu. Pa Independence Avenue popita ku Freedom Statue, olo mumsewu wopapatiza wa ku George umene mvula yaudya mbali zonse, palibe amene adzaona nyenyezi imene mwajambula na mizere yanu. Munthu amakumvani musanafike, amakuonani kanthawi kochepa, amakumvaninso mutadutsa. Mumsewu khutu limagwira nchito nthawi yaitali kuposa diso. Zojambula zanu zisungireni tsiku limene mwapatsidwa bwalo ngati Heroes Stadium olo ku Showgrounds, kumene kuli pokhala pokwera.

Za masipika na kiyibodi tisakambe zambiri. Inu amene mumadziwa mmene malaiti amapitira, mungaike nyimbo yanu yonse m'manja mwa soketi? Ngakhale ku America komweko ndalama zawavuta. Wachinyamata amalipira madola masauzande angapo kuti alowe gulu lalikulu chaka chimodzi, ndipo Santa Clara Vanguard, gulu limene lapambanapo kangapo, linapuma chaka chonse cha 2023 chifukwa cha mavuto a ndalama. Kuno lipenga limodzi limadutsa m'manja mwa ana atatu, valavu yomangidwa na labala, chikopa cha ng'oma chikang'ambika mpingo uchita kusonkha. Ubwino wa bandi ya malipenga ni womwewo wakuti imalira popanda waya.

Ngati mufuna poonera pafupi, yang'anani ku South Africa. Field Band Foundation, imene inayamba mu 1997, inatenga kapangidwe komweka ka malipenga, ng'oma, ovina na mbendera n'kukapereka kwa ana a m'makomboni a kumeneko, koma inaikamo marimba, ng'oma za manja, magule na nyimbo zakwawo. Mukaonera mumadziwa nthawi yomweyo kuti awa si a ku Ohio. Ife tili na zambiri zoti tiikemo. Gitala ya besi ya kalindula, ija imayenda osapuma mu nyimbo za ba P.K. Chishala, imakhala bwino pa tuba ngati anaipangira. Kuyankhana kwa mtsogoleri na gulu kumene timachita pa maliro na pa chilanga mulilo kungakhale kuyankhana kwa malipenga na ma trombone. Ngakhale kugunda kuja kwa amapiano kumene kuli m'bala iliyonse, ng'oma zazikulu zitatu zomangidwa mosiyana zingakutulutse popanda kompyuta. Nyimbo za ba Yo Maps zili na mayimbidwe amene mwana wa giredi 3 amatha kutsatira, ndiye n'chifukwa chiyani muziliza mizere iwiri chabe n'kuthawa?

Ba bandimasita, pano nkhani ikukhudza tsogolo la ana amene makolo akupatsani. Mtsikana olo mnyamata amene wakhala zaka zinayi m'bandi akungodziwa tizidutswa tofuula na masitepe, mwamusangalatsa koma simunamupatse nchito. Mabandi a Zambia Army, a Zambia Air Force, a ZNS na a polisi amaliza zolembedwa papepala, ndipo ofuna kulowamo afunika kuwerenga manoti na kugwira liwu lalitali osagwedera. Ngakhale ganyu ya pa Chiweru imafuna zomwezo. Banja limene lakuitanani kuperekeza maliro ku Chingwere silifuna kuona timitengo m'mwamba, lifuna nyimbo imene amai awo ankakonda, yonse, pang'onopang'ono, kuti olira aimbe nayo. Ndipo pa mwambo uliwonse wa boma pali nyimbo ya fuko, imene mayimbidwe ake anachokera kwa Enoch Sontonga mu 1897. Pamenepo palibe pobisala. Aliyense waima njii, aliyense amaidziwa, ndipo lipenga likaphonya noti yapamwamba ija msika wonse umamva.

Sindikuti ma majorette abwerere kumbuyo ayi. Atsikana aja amene amaponya ndodo m'mwamba n'kuigwira osayang'ana ndiwo amaimitsa anthu pamsewu, ndipo nthawi zambiri amachita maprakatisi ambiri kuposa a malipenga. Chimene chimawapweteka ni bandi imene imasintha liwiro pakati pa sitepe chifukwa a ng'oma afuna kudzionetsa. Wovina amawerenga mpaka 8. Mukam'patsa nyimbo yathunthu ya ndime zofanana amadziwa poponya na pogwira, ndipo kuponyako kukagwera pamene nyimbo yafika pachimake, m'pamene azimai a pamsika amaliza nthungululu. Okonza a DCI abwino amadziwa chinsinsi chimenechi, n'chifukwa chake ngakhale m'masewero odulidwa kwambiri amasiyamo chigawo chimodzi chodekha chimene malipenga onse amaimba nyimbo yaitali osathamanga, ndipo kawirikawiri ndicho chimaimiritsa sitediyamu.

Ngati gulu lanu likukonzekera ulendo wotsatira, sankhani nyimbo imodzi imene mudzailiza kuyamba mpaka kutha, olo kawiri, musanaonetse zina zonse. Ikani oliza anu awiri abwino pa liwu lotsogolera kuti wina akapuma wina agwirizire. Uzani a ng'oma atsitse manja pamene malipenga akuimba, nthawi yawo yolusa idzafika pakati pa nyimbo na nyimbo. Ndipo poyesa, tumani mmodzi wa inu akaime patali, kuseri kwa nyumba ziwiri zitatu kumene sangakuoneni, akabwere akuuzeni dzina la nyimbo imene mumaliza.