Za Ziphuphu za Pankhope pa Ana Athu

Makolo okondedwa a kwa Dzoole ndi a m'mapiri onse a Dowa ndi Ntchisi, mwezi uno tifuna kukamba nanu za kanthu kooneka kakang'ono, koma kamene kagonetsa ana athu ambiri ndi misozi: ziphuphu zimene zibuka pankhope pa mnyamata kapena mtsikana akayandikira kutha msinkhu. Ena amati mwanayo ndi wauve, ena amati wayamba makhalidwe oipa, enanso amati pali munthu wamuchitira kaduka. Mawu otere apweteka mwana koposa ziphuphuzo, ndipo onse ndi opanda choonadi.

Tiyambe ndi khungu lenileni. Pa tsinde la kaubweya kalikonse pali kathumba kakang'ono kopanga mafuta, ndipo mafutawo atsata kaubweyako kufikira atulukira kunja, kumene afewetsa khungu kuti lisaume ndi kung'aluka. Timatumba timeneti tachuluka pankhope, pachifuwa ndi pamsana. M'zikhato ndi kumapazi kopondera mulibe konse, n'chifukwa chake simunaonepo chiphuphu chotere m'chikhato. Kabowo kotulukira mafuta kali ngati ngalande ya kudimba. Mafuta akachuluka, nasakanizika ndi tizikamba ta khungu lakufa, ngalande ija itsekeka. Pamenepo tizilombo tosaoneka ndi maso, totchedwa Cutibacterium acnes, timene tikhala pakhungu la munthu aliyense, tiswana m'katimo, malowo natupa ndi kuchita mafinya. Kamutu kakuda kamene muona pa ziphuphu zina si litsiro ayi. Ndi mafuta omwewo amene ada atakumana ndi mpweya.

Nanga chichulukitsa mafuta n'chiyani? Ndi mahomoni, timadzi timene thupi lipanga ndi kutumiza m'magazi ngati amithenga. Amene alamulira mafuta a khungu atchedwa androgen, ndipo wodziwika mwa iwo ndi testosterone. Apangidwa m'ziwalo zoberekera za amuna ndi akazi omwe, ndiponso m'tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso. Mahomoni omwewa ndi amene akulitsa mawu a mnyamata ndi kumumeretsa ndevu. M'chaka cha 1941 katswiri wa ku America, James Hamilton, anaonetsa kuti amuna amene anafulidwa asanathe msinkhu sanali kutuluka ziphuphu, koma atapatsidwa testosterone zinayamba kubuka. Madokotala awerengera kuti mwa achinyamata 100 a zaka 12 kufikira 24, pafupifupi 85 atuluka ziphuphu nthawi ina. Tsono mwana wanu sali yekha. Thupi lake likungogwira ntchito ya kukula.

Kwa akazi, ziphuphu zichuluka masiku ochepa asanapite kumwezi, ndipo zitha kubukanso pa nthawi ya pakati. Zilipo zinanso zothandizira. Ngati bambo kapena mayi anavutika nazo, mwananso angavutike, pakuti ndi za kumtundu. Nkhawa, monga ya mayeso, izikulitsa. Mafuta olemera odzola kumaso ndi m'tsitsi atseka timabowo, makamaka m'kutentha kwa mwezi wa Okutobala, pamene thukuta lichuluka. Shuga wambiri ndi zakumwa zotsekemera zioneka kuti ziwonjezera vutoli mwa ena. Koma mtedza, umene anthu auneneza kawirikawiri, palibe umboni wolimba woutsutsa. Musamane mwana ndiwo zotendera kapena chiponde, pakuti thupi lokula lizifuna.

Chimene tikuchenjezani kwambiri ndi mafuta oyeretsa khungu ogulitsidwa m'misika. Ambiri ali ndi mankhwala amphamvu monga clobetasol, betamethasone kapena hydroquinone, ndipo ena ali ndi mercury, amene awononga impso. Masabata oyamba nkhope isalala ndithu, koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pambuyo pake khungu lipyapyala, ziphuphu zibwerera zochuluka koposa kale, ndipo pamasaya patsala mawanga akuda ovuta kuchotsa. Chimodzimodzinso kufinya ziphuphu ndi zikhadabo, kuzitema mphini, kapena kupakapo mankhwala otsukira mano: pakhungu lakuda ngati lathu, bala lililonse lisiya banga lokhala miyezi yambiri, ndipo mwa ena lisiya chipsera chotupa cha moyo wonse.

Chochita chake ndi ichi. Mwana asambe kumaso kawiri pa tsiku ndi madzi oyera ndi sopo wosawawa, osakhula ndi mwala kapena chinkhupule, pakuti kukhula kuwonjezera kutupa. Nsalu yogonera ichapidwe kawirikawiri. Ziphuphu zikakhala zazikulu, zopweteka, kapena zikayamba kusiya zipsera, mumutengere kuchipatala cha Dzoole, cha Mponela kapena cha Madisi. Zikakanika, adzamutumiza ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, kumene kuli odziwa za khungu. Alipo mankhwala opaka otchedwa benzoyl peroxide, ndi akumwa monga doxycycline, amene mayi woyembekezera sayenera kumwa. Mankhwalawa aonetsa mphamvu yake patapita masabata 6 kufikira 8. Kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho musawasiye pa sabata yachiwiri. Ndipo mtsikana amene pamodzi ndi ziphuphu aona kuti msambo ukudumphadumpha ndi ndevu zikumera, ayenera kuyezedwa, pakuti mahomoni ake angakhale asokonekera, ndipo chithandizo chilipo.

Potsiriza, inu amayi, azakhali ndi anamkungwi, inunso abambo ndi amalume, muwauze ana zimenezi msanga, asanamve zabodza kwa anzawo, monga zija zoti ziphuphu zitha munthu akagona ndi mkazi kapena mwamuna. Bodza limeneli silichotsa chiphuphu ngakhale chimodzi, koma litha kudzetsa mimba ndi matenda. Kwa ambiri ziphuphu zichepa zokha akapitirira zaka 20. Kufikira nthawiyo, mwana asasekedwe pakhomo, ndipo asajombe kusukulu chifukwa cha manyazi.