Mtsamiro wa Pampando Ukalumpha Popanda Ngozi

Mwa zipangizo zonse zotetezera munthu m'galimoto, chomwe chimapeputsidwa kwambiri ndi mtsamiro wa pamwamba pa mpando, womwe amakaniko amangoutchula kuti hedirest, chifukwa anthu ambiri amauyesa kapilo kogonekapo mutu pa ulendo wautali pamene ntchito yake yeniyeni ndi kuteteza khosi galimoto ikawombedwa kumbuyo. Kusamvetsaku kumakula mtsamirowo ukakhala wa mtundu wodzisuntha wokha, umene pa Chingerezi umatchedwa active head restraint, pakuti ina mwa mitsamiro yotere imatha kulumpha n'kumenya dalaivala kunkhongo galimoto ikuyenda bwinobwino, popanda chilichonse choigunda. Vutoli linabutsa milandu ku America, koma phunziro lake likukhudzanso boma la Ntcheu, kumene galimoto za mipando 7 kapena 8, monga Toyota Sienta, Noah ndi Voxy, Honda Freed ndi Nissan Serena, zimanyamula anthu ndi katundu tsiku ndi tsiku pa msewu wa M1, kuchokera ku Lizulu kudutsa pa Mlangeni, pa Biriwiri ndi pa boma mpaka ku Kampepuza ndi ku Manjawira.

Kuti ntchito ya mtsamiro imveke, mpofunika kuyambira pa thupi la munthu. Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5, ndipo wakhazikika pa timafupa 7 ta m'khosi tomwe timagwirizidwa ndi minofu ndi mitsempha. Galimoto ikagundidwa kumbuyo, mpando umakankhira msana kutsogolo mwamphamvu pamene mutu, womwe sunatsamire paliponse, umatsalira m'mbuyo, kotero kuti khosi limapindika mopyola muyeso kenako mutu n'kuponyedwa kutsogolo, zonsezi m'kanthawi kosakwana theka la sekondi. Dokotala wina wa mafupa wa ku America, Harold Crowe, anatcha kuvulala kotere whiplash m'chaka cha 1928, poyerekeza ndi mmene nsonga ya chikwapu imachitira pokwapula. Kuvulalaku sikulira liwiro lalikulu, ndipo n'chifukwa chake malo a malonda a m'mbali mwa M1 ali oyenera kusamala nawo: pamenepo galimoto imaima mwadzidzidzi kuti itole wokwera, ina imachepetsa liwiro pa mahampu, ndipo m'miyezi yozizira nkhungu ya kumapiri a ku Lizulu imachititsa kuti wobwera pambuyo aone mochedwa.

Dziko la America linalamula kuti galimoto zatsopano zizikhala ndi mitsamiro pa mipando yakutsogolo kuyambira pa 1 January 1969, koma patapita zaka zinaoneka kuti mtsamiro umathandiza pokhapokha uli pafupi ndi mutu, pamene anthu ambiri amadana ndi mtsamiro wowakankha kunkhongo ulendo wonse. Apa mpamene akatswiri anaganiza zopanga mtsamiro woti uzikhala patali pang'ono nthawi zonse, koma uzithamangira kukakumana ndi mutu pa nthawi ya ngozi. Kampani ya ku Sweden ya Saab inatulutsa mtsamiro wotere mu 1997 pa galimoto yake ya 9-5, ndipo mu 1998 Volvo inabweretsa njira yakeyake yoti mpando wonse uzigonja pang'ono kuti ulandire msana. Lamulo la ku America litakhwimitsidwa kuyambira mu 2009, pamene linaika malire a mamilimita 55 pa mpata wa pakati pa mutu ndi mtsamiro, makampani ambiri anatengera mitsamiro yodzisuntha, ndipo ichi ndicho chifukwa chake galimoto za 2010 ndi zaka zotsatira zimatchulidwa kwambiri pa nkhaniyi.

Mitsamiro yodzisuntha ilipo ya mitundu iwiri ikuluikulu, ndipo kusiyanitsa mitunduyi ndiko chiyambi cha nzeru zonse pa nkhani ino. Mtundu woyamba umayendetsedwa ndi thupi la wokwera: mkati mwa chotsamira msana muli kambale kolumikizidwa ku mtsamiro ndi tizitsulo kapena waya, ndipo msana ukadinikiza kambaleko mwamphamvu, mtsamiro umakwera n'kusendera kutsogolo, kenako umabwerera wokha mphamvuyo ikatha. Saab, Nissan ndi Toyota anagwiritsa ntchito njira yotere pa galimoto zawo zambiri. Mtundu wachiwiri sudikira msana, koma umadalira sensa, komwe ndi kachipangizo komva kugunda, pamodzi ndi kompyuta yomwe imayang'aniranso ma airbag, matumba a mpweya aja amene amafufuma pa ngozi. Kompyutayo ikazindikira kuti galimoto yawombedwa kumbuyo, imatumiza magetsi kukamasula loko wa mkati mwa mtsamiro, ndipo masipuling'i amakankhira mbali yakutsogolo ya mtsamirowo kumutu. Mercedes-Benz inatcha wake NECK-PRO, pamene BMW pa galimoto zina inagwiritsa ntchito kabotolo ka gasi, komwe kamafunika kusinthidwa kakaphulika.

Munthu akatsegula mtsamiro wa masipuling'i amapeza kuti uli ndi mbali ziwiri zovundikirana ngati mbale ndi chivundikiro chake. Mbali yakutsogolo ndi ya siponji yokutidwa ndi nsalu kapena chikopa, ndipo yakumbuyo ndi chigoba cha pulasitiki. Pakati pake pali masipuling'i opanikizidwa, kamtanda kachitsulo kakafupi kolowetsedwa m'timabowo ta pulasitiki, ndi loko wooneka ngati mbedza yemwe wakola kamtandako. Tanthauzo lake n'lakuti mtsamirowo uli ngati uta wokungidwa, womwe umakhala chikungire usana ndi usiku, galimoto ili pa ulendo ngakhale ili chiimire pa dzuwa, ndipo mphamvu yonseyo yalemera pa kapulasitiki kogwira kamtanda kaja. Kapulasitikiko kakang'aluka, kamtanda kamasololoka, ndipo masipuling'i amalumpha ngakhale kuti kompyuta sinalamule kanthu.

Izi ndizo zinachitika pa mitsamiro yomwe kampani ya ku Germany ya Grammer inkapangira kampani ya Fiat Chrysler, imene mu 2021 inalowa m'gulu la Stellantis. Mitsamiroyo inaikidwa pa galimoto zonyamula banja za Chrysler Town & Country ndi Dodge Grand Caravan, komanso pa Dodge Journey, Dodge Durango ndi Jeep Grand Cherokee. Eni galimoto anayamba kudandaula kuti amamva phokoso ngati la mfuti n'kumenyedwa kunkhongo ali pa chiwongolero, ena anasuma ku khoti m'chigawo cha California mu 2018, ndipo mu 2019 bungwe la boma la America loona za chitetezo cha pamsewu, la NHTSA, linayamba kufufuza nkhaniyi pa Jeep Grand Cherokee ndi Dodge Durango za 2014. Osumawo ankanena kuti pulasitiki yomwe inagwiritsidwa ntchito inali yosalimba, pamene kampani inkanena kuti vutolo limachitika pa mitsamiro yochepa kwambiri ndipo gwero lake ndi mafuta otsalira pa kamtanda kachitsulo kuchokera kufakitale. Akatswiri a zipangizo amadziwa bwino khalidwe limeneli: pulasitiki ina ikakhala yokokedwa nthawi yaitali, kwinaku ikukhudzana ndi mafuta kapena mankhwala ena, imayamba timing'alu tosaoneka ndi maso tomwe timakula pang'onopang'ono mpaka tsiku lomwe imathyoka popanda chenjezo. Paja chakudza sichiimba ng'oma, koma apa palibe matsenga alionse, ndi kutopa chabe kwa chipangizo.

Galimoto za Grand Caravan ndi Town & Country sizioneka kawirikawiri m'Malawi muno chifukwa chiwongolero chake chili kumanzere, komabe mbale wake wa chiwongolero cha kumanja, Chrysler Grand Voyager, pamodzi ndi Dodge Journey ndi Jeep Grand Cherokee, ankagulitsidwa ku South Africa, komwe Amalawi ambiri amagulako galimoto zogwirapo kale ntchito. Galimoto yotere ikafika kuno itadutsa m'manja mwa anthu atatu kapena anayi, kalata iliyonse yochenjeza yochokera ku kampani imakhala itatsalira kwa mwini woyamba. Koma galimoto zambiri za ku Japan, zomwe zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa chipata cha Songwe, zimakhala ndi mtsamiro wamba wosasuntha kapena wa mtundu woyendetsedwa ndi msana, ndipo mtundu umenewu ukagwedezeka pang'ono munthu akadziponya pampando kapena galimoto ikagwera m'dzenje pa misewu ya fumbi ya kumidzi, sikuti wawonongeka ayi. Popeza kabuku ka malangizo ka galimoto zoterezi kamabwera m'Chijapani, kapena sikabwera n'komwe, njira yachidule yozindikirira mtundu wa masipuling'i ndi kuyang'ana m'mbali mwa mtsamiro ngati muli mzere wogawa mbali yofewa ndi chigoba cholimba, ndiponso ngati pali waya wamagetsi wotsikira m'mpando.

Kung'aluka kwa pulasitiki sindiko kokha komwe kungalumphitse mtsamiro. Malangizo a kampani ya Chrysler amachenjeza kuti mtsamiro wotere ukhoza kulumpha utamenyedwa ndi dzanja, phazi kapena katundu wosamangidwa, ndiponso kuti sayenera kuvekedwa nsalu zokutira mipando kapena kupachikidwa majekete. Chenjezo limeneli ndi lofunika kwambiri ku Ntcheu kuno, kumene galimoto yomwe inapangidwira banja limodzi imasenza matumba a mbatata ya kachewere ya ku Tsangano, makabichi ndi madengu a tomato a pamsika wa Lizulu, zonse zitapanikizidwa kumbuyo kwa mipando, kwinaku okwera akugwirira mtsamiro wa dalaivala pokwera ndi potsika. Thumba lolemera likaterereka pa nthawi yomanga mabuleki, likhoza kugunda pamene pali loko.

Mtsamiro ukalumpha galimoto ikuyenda, choopsa chachikulu ndi kudzidzimuka, choncho dalaivala ayenera kugwiritsa chiwongolero, kuchepetsa liwiro mwapang'onopang'ono ndi kukaima pamalo poonekera bwino. Makaniko wodziwa ntchito amayamba ndi kusuzumira pakati pa mbali ziwiri zija ndi tochi. Akapeza kamtanda kachitsulo kali m'malo mwake ndipo pulasitiki ili yamphumphu, mtsamirowo ukhoza kubwezeretsedwa ndi manja potsatira malangizo a kampani. Koma akapeza tizibenthu ta pulasitiki tagwera pampando, ndipo kamtandako katsalira m'kamwa mwa loko, ndiye kuti mtsamirowo watha ntchito ndipo uyenera kusinthidwa wonse. Kuumanga ndi waya kapena mphira ya chubu, kuumata ndi guluu kapena kuubowola n'kuikamo sikuluwu kumangobisa vuto, chifukwa mtsamiro womangidwa sungasunthenso pa ngozi yeniyeni, ndipo chitsulo chowonjezeracho chimakhala pafupi ndi mutu wa munthu. Podikira chipangizo chatsopano, mtsamiro wolumpha kale uli bwino kuusiya momwemo kusiyana ndi kuuzula, pakuti ngakhale umasowetsa mtendere, uli pamalo pomwe umatetezera khosi. Wogula mtsamiro wina wochotsedwa pa galimoto yakufa akumbukire kuti nawonso ukhoza kukhala ndi ming'alu yomweyo, ndipo wokonza aliyense achotse kaye batire asanakhudze mawaya ake, popeza ndi a banja limodzi ndi a ma airbag.

Ngakhale zili choncho, khosi la wokwera wa ku Ntcheu lili pa chiopsezo chachikulu chifukwa cha mtsamiro wochotsedwa kuposa wolumpha. Si zachilendo kuona galimoto yonyamula anthu ili ndi timabowo tiwiri pamwamba pa mpando pamene panali mtsamiro, womwe unazulidwa kuti katundu alowe bwino, kuti mpando upindike msanga kapena kuti dalaivala aziona kumbuyo. Ena amausiya pansi kwambiri, moti umafika m'khosi m'malo mofika kumutu, ndipo pa ngozi mutu umapindikira pamwamba pake ngati nthambi yothyoledwa pabondo. Kakhazikitsidwe koyenera n'kosavuta: pamwamba pa mtsamiro pafanane ndi pamwamba pa mutu, mpata wa kunkhongo usapitirire masentimita 5, omwe ndi pafupifupi zala zitatu, mpando usagonekedwe chagada, ndipo lamba amangidwe. Chiphaso cha COF, chomwe chimaperekedwa pansi pa nthambi ya boma yoona za pamsewu ya DRTSS, chimatsimikiza za galimoto pa tsiku loyesedwa, koma msinkhu wa munthu wokhala pampando umasintha ulendo uliwonse, ndipo woyenera kuuyang'ana ndi dalaivala.

Munthu yemwe wamenyedwa ndi mtsamiro kapena amene galimoto yake yagundidwa kumbuyo asadzinamize kuti ali bwino chifukwa sakutuluka magazi, pakuti ululu wa khosi nthawi zambiri umayamba patapita maola angapo kapena mawa lake. Khosi kuuma, mutu kuwawa kuyambira kunkhongo, chizungulire, kusanza, dzanzi kapena kufooka kwa manja ndi zizindikiro zofunika kukaonetsa ku chipatala chaching'ono chapafupi kapena ku chipatala cha boma la Ntcheu mosazengereza, osati kukatsinitsa kapena kukoketsa khosi kunyumba. Mtsamiro wolumpha popanda ngozi ndi chipangizo chowonongeka chomwe chiyenera kusinthidwa, ndipo eni galimoto ndi madalaivala amene anazula mitsamiro aibwezeretse pa mipando yonse asananyamulenso anthu.