Diso lofiira pambuyo pa ngozi: kodi ndi nthenda ya maso wamba?

Ku Kalomwe ndi midzi yozungulira, njinga zamoto zachuluka pamsewu wa ku Ulongwe ndi wa ku Dedza, ndipo ngozi nazo zachuluka. Munthu akagwa n'kumenyetsa mutu, timasangalala bala likapola. Koma nthawi zina pakapita masiku kapena masabata, diso limodzi limayamba kufiira ndi kutupa. Musafulumire kunena kuti ndi nthenda ya maso imene imayenda m'mudzi.

Kodi chimachitika n'chiyani?

Kuseri kwa diso, m'kati mwa chigaza, muli kathumba komwe magazi ochokera m'diso amasonkhana pobwerera kumtima. Mtsempha waukulu wopereka magazi ku ubongo umadutsa m'kathumba komweko. Mutu ukamenyeka, mtsemphawu ungang'ambike, magazi ake amphamvu n'kumathira m'kathumbako. Zili ngati mtsinje wodzaza ukalowa mumngalande ya kudimba: madzi amabwerera m'mbuyo. Magazinso amabwerera kudiso, diso n'kudzaza. Pachipwitikizi madokotala amati fístula carótido-cavernosa, pomwe ku Malawi mudzamva akuti carotid-cavernous fistula. Ndi vuto losaonekaoneka, ndipo mwa odwala 10, pafupifupi 7 amalipeza chifukwa chovulala m'mutu. Lithanso kuyamba lokha pang'onopang'ono, makamaka mwa amayi achikulire odwala kuthamanga kwa magazi.

Mungalisiyanitse bwanji?

Nthenda ya maso wamba imanyerenyetsa, imatulutsa manthongo, imapatsirana m'nyumba, ndipo imatha pa sabata imodzi kapena awiri. Vuto ili silipatsirana. Zizindikiro zake ndi izi:

1. Diso limodzi kutuzuka kuposa linzake, mwina n'kumagunda ngati mtima.
2. Timitsempha tofiira topotanapotana pa mbali yoyera ya diso.
3. Kumva phokoso m'mutu lakuti fuu, fuu, lotsatana ndi kugunda kwa mtima, makamaka usiku kukakhala zii.
4. Kuona chinthu chimodzi ngati ziwiri, kapena kuona mwachimbuuzi.

Kuchipatala amayeza bwanji?

Kuyeza kumayamba ndi mawu anu. Auzeni a namwino za ngoziyo, ngakhale idachitika mwezi wapitawo, ndipo musaiwale kutchula phokosolo. Ambiri amabisa poopa kusekedwa, chonsecho phokosoli ndilo limatsegula maso a dokotala.

Dokotala amaika kachipangizo komvera mtima pachikope, diso lili chotseka, kuti naye amve phokosolo. Amayeza mmene mukuonera, mmene diso likuyendera, ndi kupanikizika kwa m'kati mwa diso, komwe mwa munthu wabwinobwino kumakhala pakati pa 10 ndi 21. Akakayika, amakutumizani patsogolo: kuchokera ku Ulongwe kupita ku chipatala cha chigawo ku Tete. Kutsidya kwa malire, madokotala a maso amapezeka ku Nkhoma ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

M'zipatala zikuluzikulu amajambula mutu ndi makina a CT kapena MRI, omwe amaonetsa mtsempha wotupa pamwamba pa diso. Chotsimikizira chenicheni ndi kulowetsa kapaipi kakang'ono mumtsempha wa m'mphechepeche, kuthiramo mankhwala oonekera pa chithunzi, n'kuona pamene magazi akuthawira. Akatswiri amadzeranso njira yomweyi potseka pong'ambikapo. Vuto loyamba lokha lija nthawi zina limatsekeka palokha, koma woweruza zimenezi ndi dokotala.

Zoti mukumbukire

Musathire m'diso mkaka wa m'mawere, madzi a masamba, kapena mankhwala ogula pamsika. Sangafike pamene pali vuto, ndipo ena amaononga diso. Kuchedwa kungalichititse khungu mpaka kalekale. Ngati diso layamba kusaona, mutu ukupweteka kwambiri, kapena magazi akutuluka m'mphuno osaleka, nyamukani tsiku lomwelo, mutanyamula mapepala onse a kuchipatala.

Inu oyendetsa njinga zamoto, valani chisoti, ndipo amene mwamunyamula naye avale. Ngati mnansi wanu sadziwa kuwerenga, muwerengereni tsamba lino.