Tsiku limene nkhondo inalowa m'nyumba ya Downton

Mwa masewero a pa wailesi yakanema amene atuluka ku Mangalande zaka zino, ndi owerengeka amene mbiri yawo inawanda ngati Downton Abbey, sewero lolembedwa ndi Julian Fellowes, limene linayamba kuonetsedwa pa ITV mu 2010. Likusimba za banja la a Crawley, eni nyumba yaikulu ku Yorkshire, ndi khamu la antchito awo, amene amalawirira kusanache kukakoleza moto m'zipinda, kuti ambuye awo podzuka apeze mwafunda.

Chigawo choyamba, chimene chiyamba ndi kumira kwa Titanic mu 1912, chitha pa 4 Ogasiti 1914, pamene alendo ovala zoyera ali paphwando pakapinga, oyimba akuyimba, antchito akuzungulira ndi zakumwa. Ndipo taonani, telegalamu ifika m'manja mwa Robert, mwini nyumba, amene aletsa zoyimbazo nalengeza kuti dziko lawo lili pankhondo ndi Germany. Ndiyo nkhondo ija makolo athu anaitcha ya Chiwaya, ndipo mwezi wotsatira mfuti zake zinali kulira ku Karonga. Pakamphindi kameneko mbuye ndi wotsuka mbale aima chimodzimodzi, kukamwa kuli yasa, ndipo woonera angayese kuti tsoka lawasandutsa ofanana.

Koma sizinatero ayi. Akale anati mutu ukakula sulewa nkhonya, chikhalirecho Robert, ngakhale anafunitsitsa kupita, anangomuveka zausilikali namusiya kunyumba. Nyumbayo inasanduka mopumuliramo ovulala, monga momwe Highclere Castle, kumene anajambulira seweroli, inakhaliradi chipatala mu 1914. Koma ogona pamabedi m'zipinda zokongolazo anali maofesala okhaokha.

Ine mtima wanga uli pa William Mason, mnyamata woperekera zakudya patebulo, mwana mmodzi yekha wotsala wa mlimi wamasiye. Ambiri amadandaula kuti Fellowes amakonda mabwana ake mopitirira muyeso, ndipo sakunama. Komabe pa mnyamata ameneyu sanabise kanthu. Kunkhondo ku Amiens mu 1918 bomba litaphulika, William anatchinjiriza ndi thupi lake Matthew Crawley, wodzalowa chuma cha banjalo, ndipo mapapo a William anaonongeka kotero kuti madokotala anataya chiyembekezo. Popeza sanali ofesala, malamulo anamkaniza kukagona kuchipatala cha kwawo, kufikira gogo Violet, mayi wake wa Robert, amene Maggie Smith anamsewera mwaulemerero, anakalipira akuluakulu patelefoni kuti mwanayo akafere pakati pa omudziwa. William anakwatira Daisy wa kukhitchini ali chigonere, antchito anzake atazinga bedi, namwalira tsiku lomwelo. Matthew, amene nayenso anavulala moti onse ankati sadzayendanso, anadzuka pampando wake wa matayala patapita miyezi yowerengeka, ndipo Daisy anabwerera kumapoto a Mayi Patmore, wophika wa m'nyumbamo, ali namfedwa.