Mapanga Awiri Avumbwitsa: Nyimbo Zobwerezabwereza M'foni ndi M'kompyuta

Makina a Masiku Ano: Gawo Lachinayi

M'gawo lapitalo tinakambirana za kasamalidwe ka memori khadi. Lero titenge dandaulo limene likumveka kawirikawiri pakati pa aphunzitsi ndi achinyamata amene atsiriza sukulu kuno ku Mchinji. Munthu amalumikiza foni yake ku kompyuta pofuna kuti nyimbo za mbali ziwirizi zifanane, koma pochotsa chingwe amapeza kuti nyimbo iliyonse yasanduka mapasa. Mndandanda umene anausanja bwinobwino ndi kuutcha "Kwaya" umakhala utapeza anzake, "Kwaya 1" ndi "Kwaya 2". Akayesa kulumikizanso kuti akonze, awiri aja amasanduka atatu. Ena amati foniyo n'njabodza, ena amati kompyutayo yakalamba. Zoona zake n'zakuti makinawo amachita zimene auzidwa, ndipo amene wamvetsa kaganizidwe kake angathe kuthetsa vutoli popanda kulipira munthu.

Mwina wina anganene kuti imeneyi ndi nkhani yachabe. Tiyeni tiwerengere. Nyimbo ya MP3 yojambulidwa pa mlingo wofala wa 128 kbps imadya malo okwana pafupifupi 1 MB pa mphindi iliyonse, kotero nyimbo ya mphindi zinayi imafuna 4 MB. Khadi ya 8 GB ingasunge nyimbo zoterezi zoyandikira 2,000. Koma ngati nyimbo iliyonse yalowamo katatu, mwini khadiyo ali ndi nyimbo zosakwana 700 ngakhale foni ikumuuza kuti malo atha. Mnyamata amene watsegula malo obenera nyimbo pa Kamwendo, pa Kapiri kapena pa Mkanda akapereka khadi yotere kwa mlimi amene wangogulitsa mtedza wake, adziwe kuti mlimiyo sadzabweranso, ndipo adzauza mudzi wonse.

Chitayiko chachikulu koposa chimadza pamene munthu wapsa mtima ndi kuyamba kufufuta mosaona. Nyimbo za oyimba otchuka zimapezekanso kwa anzathu. Koma kwaya ya kumpingo imene munaijambula nokha, ingoma imene inavinidwa pa mwambo wa kwanu, mawu a agogo amene anatisiya, kapena ndakatulo zimene mphunzitsi anajambulira ophunzira a Fomu 4, zimenezi zikafufutika ndiye kuti zapita.

Makina sadziwa nyimbo ndi khutu

Munthu akamva mawu oyamba a nyimbo amaizindikira pomwepo, kaya ikuchokera pa wailesi ya Mudzi Wathu kaya m'minibasi ya ku Lilongwe. Mapulogalamu oimbira nyimbo amene ali m'mafoni athu ambiri satero. Kwa iwo nyimbo ndi fayilo chabe, ndipo amaizindikira ndi zinthu zitatu: dzina la fayiloyo, foda imene ikukhalamo, ndi kachiphaso kobisika m'kati mwake.

Njira yosungira nyimbo ya MP3 inakhazikitsidwa mu 1993, ndipo ntchito yaikulu inagwiridwa ndi akatswiri a bungwe la Fraunhofer ku Germany. Poyamba fayilo ya MP3 inalibe polemba dzina la woyimba. Mu 1996 kunayambika kachiphaso kotchedwa ID3, kamene kamasunga mutu wa nyimbo, dzina la woyimba, dzina la chimbale ndi chaka. Ndi kachiphaso kameneka kamene foni imawerenga posanja nyimbo potsata oyimba.

Aphunzitsi adziwa zimene zimachitika mwana akalembedwa kawiri m'kaundula, koyamba ndi dzina la ubatizo, kachiwiri ndi dzina la kumudzi. Amene amamudziwa mwanayo amaona msanga kuti ndi mmodzi, koma mlembi amene akungowerenga mayina adzawerenga ana awiri. Kompyuta ndiye mlembi ameneyu. Chilembo chimodzi chikasiyana pa dzina, kapena fayilo ikapezeka m'mafoda awiri, iyo imati nyimbo zilipo ziwiri.

Tsono taonani njira zimene nyimbo imafikira m'foni ya munthu wa kuno kumalire. Mnzake amamutumizira pa WhatsApp, ndipo imakagwera m'foda ya WhatsApp. Mlamu wake amamupatsa yomweyo pa Bluetooth, imakagwera m'foda ina. Akaoloka pa Mwami kukagula katundu ku Chipata, amabenetsa nyimbo zatsopano za ku Zambia, ndipo wobenayo amawonjezeramo za ku Malawi zimene mwiniyo ali nazo kale, koma zolembedwa mayina ena, mwinanso zokhala ndi dzina la wobenayo pa malo a dzina la woyimba. Ina imabwera pa Xender, ina amaitsitsa yekha pa intaneti, ndipo foni ikapeza dzina lofanana m'foda imodzi imangowonjezera nambala kumapeto kwake. Pulogalamu yoimbira nyimbo imasesa foni yonse pamodzi ndi khadi, ndi kuonetsa chilichonse chimene yapeza. Apa mapasa amakhala atabadwa kale chingwe cha kompyuta chisanalumikizidwe n'komwe.

Mndandanda si nyimbo

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri sachidziwa, ndipo ndicho gwero la misozi. Mndandanda wa nyimbo, umene pa makina umalembedwa kuti Playlist, ulibe nyimbo m'kati mwake. Uli ngati tsamba la zam'katimu kumayambiriro kwa buku: umangoloza kumene nyimbo iliyonse ili. Mindandanda yambiri imasungidwa m'kafayilo kakang'ono ka mtundu wa M3U, ndipo mukakatsegula mupezamo mizere ya mayina a mafoda ndi mafayilo basi.

Pamenepa pakutuluka mfundo ziwiri. Kufufuta mndandanda sikufufuta nyimbo, monga kung'amba tsamba la zam'katimu sikuchotsa mitu ya m'buku. Koma kufufuta fayilo yeniyeni, kapena kuisamutsira ku foda ina, kumasiya mndandanda ukuloza pa bwinja, ndipo nyimboyo imakana kuimba. Motero pofufuta m'pofunika kuwerenga bwino funso limene makina akufunsa, chifukwa mawu akuti Remove from playlist amangochotsa dzina pa mndandanda, pamene mawu akuti Delete kawirikawiri amachotsa nyimbo yeniyeniyo.

Nanga mindandanda imaswana bwanji? Tisiyanitse kukopera ndi kulunzanitsa. Kukopera ndi kutenga fayilo ndi dzanja lanu kuchoka uku kupita uko. Kulunzanitsa, kumene pa makina kumalembedwa kuti Sync, ndi kupatsa pulogalamu mphamvu yoyerekeza mbali ziwirizo ndi kuzifananitsa yokha. Mapulogalamu monga Windows Media Player, ndi iTunes imene kampani ya Apple inatulutsa mu 2001, amachita zimenezi mwa kukumbukira mmene zinthu zinalili tsiku limene foni ndi kompyuta zinakumana komaliza. Chikumbumtima chimenechi chikasokonezeka, mapasa amabadwa.

Chimasokonezeka munthu akasintha mndandanda umodzi mbali zonse ziwiri: wawonjezera nyimbo zitatu pa foni ali pa ulendo, kenaka wachotsa ziwiri pa kompyuta ali kunyumba. Pulogalamu imapeza "Kwaya" ziwiri zosiyana, ndipo posadziwa yoyenera kutaya imasunga zonse, ina n'kuipatsa nambala. Chimasokonezekanso foni ikafafanizidwa yonse pokonzetsa, kapena ikalumikizidwa ku makompyuta awiri, ya kusukulu ndi ya kwa wobena nyimbo, pakuti kompyuta iliyonse imaiona ngati mlendo amene alibe kanthu ndipo imamuninkha zonse mwatsopano. Chimodzimodzinso munthu akasakaniza njira, lero kukopera ndi dzanja, mawa kulunzanitsa, pulogalamuyo sizindikira zimene dzanja linaika, ndipo imaika zake pambali pake. Ngakhale wotchi imene ili ndi gawo: mapulogalamu ena amayerekeza tsiku ndi nthawi ya fayilo, choncho foni imene tsiku lake linabwerera m'mbuyo batire itatha ingachititse fayilo yakale kuoneka ngati yosinthidwa. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Nyimbo zokhala ndi eni awiri, foni ndi kompyuta, aliyense akulamula, mapeto ake ndi chisokonezo.

Kakonzedwe kake

Choyamba, musafufute kanthu. Lumikizani foni, sankhani mawu akuti File transfer, ndipo ngati pulogalamu yolunzanitsa yadzitsegula yokha, iimitseni ndi kuzimitsa lamulo lakuti izilunzanitsa foni ikangolumikizidwa. Kenaka koperani nyimbo zonse za m'foni ndi za pa khadi, mapasa ndi mapasa omwe, ndi kuziika m'foda imodzi pa kompyuta kapena pa fulashi ina. Lembani tsiku pa dzina la fodayo ndipo musaigwirenso. Imeneyi ndi mbewu yosungira. Ikalephereka ntchito yonse, mudzabwerera pomwepa.

Chachiwiri, sankhani nkhokwe imodzi. Ngati kompyuta ndi yanu, nkhokwe ikhale kompyutayo. Ngati ndi ya kusukulu kapena yobwereka, nkhokwe ikhale fulashi kapena khadi imene mumasunga nokha. Sonkhanitsani nyimbo zonse mmenemo, woyimba aliyense foda yake.

Chachitatu, pezani mapasa. Pa Windows, sanjani mafayilo potsata dzina, kenaka potsata kukula, ndipo muonetse mzere wa kutalika kwa nyimbo. Mafayilo awiri ofanana kukula ndi kutalika, ngakhale mayina asiyane, kawirikawiri ndi nyimbo imodzi. Amene ali ndi iTunes apeza lamulo lakuti Show Duplicate Items pansi pa File ndi Library. Pa foni za Android, pulogalamu ya Files by Google imatha kusonyeza mafayilo obwereza. Koma zida zonsezi zimangoloza. Woweruza ndi khutu lanu. Pakati pa mapasa enieni sungani amene akumveka bwino ndi kufika kumapeto, pakuti fayilo yodukira panjira potumiza imakhala ndi dzina lonse koma nyimbo yatheka.

Chachinayi, konzani mayina ndi ziphaso. Tsatani kalembedwe kamodzi: dzina la woyimba, kenaka mutu wa nyimbo. Pa Windows kachiphaso kaja kamakonzedwa pa Properties ndi Details. Ntchitoyi ndi yotopetsa, koma pang'onopang'ono ndi mtolo. Oyimba awiri pa tsiku akwanira.

Chachisanu, bwererani ku mindandanda. Tsegulani "Kwaya", "Kwaya 1" ndi "Kwaya 2", onani umene uli wokwanira, onjezeranimo zimene zikusowa, ndipo enawo muwafufute pa foni ndi pa kompyuta pomwe. Mukafufuta mbali imodzi yokha, mbali inayo idzawabwezeretsa. Funaninso timafayilo ta M3U takale timene tatsalira pa khadi, chifukwa foni ikatipeza imaukitsa mndandanda umene munautaya.

Pomaliza, mutatsimikiza kuti nkhokwe ili bwino ndipo mbewu yosungira ija ilipo, chotsani nyimbo zakale m'foni, konzani tsiku ndi nthawi, zimitsani foniyo ndi kuiyatsanso, ndipo muikemo nyimbo kuchokera kunkhokwe, malo amodzi okha, kaya pa khadi kaya m'foni mwenimweni.

Machenjezo awiri

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Si nyimbo zonse zofanana dzina zimene zili mapasa. Nyimbo ya Giddes Chalamanda yotchedwa Linny Hoo ilipo m'majambulidwe ake akale, ndipo ilinso m'majambulidwe a 2020 pamene mkuluyu anayimba pamodzi ndi Patience Namadingo. Amene angafufute imodzi poona dzina lokha wataya chinthu chosiyana. Momwemonso nyimbo imodzi ya m'buku la nyimbo za mpingo ingayimbidwe ndi makwaya asanu, ndipo iliyonse ili ndi kukoma kwake. Mverani musanafufute.

Chenjezo lina ndi la vayilasi imene imayenda pa makhadi ndi mafulashi olowa m'makompyuta ambiri. Imabisa mafoda enieni ndi kuika pamalo pake timafayilo tonyenga ta mayina omwewo, tokhala ndi kamuvi pa chithunzi chake ndipo tosaposa ma KB ochepa. Munthu akauza kompyuta kuti ionetse zobisika, amaona chilichonse chili pawiri, ndipo akapupuluma angataye foda yeniyeni ndi kusunga yonyenga. Musatsegule kafayilo ka kamuvi. Yambani mwasesa khadiyo ndi pulogalamu yolimbana ndi mavayilasi, kenaka mupulumutse mafoda enieni, amene mudzawadziwa ndi kukula kwake.

Mwambo woti tiusunge

Vutoli likatha, lisabwererenso. Nyimbo ziziyenda njira imodzi, kuchoka kunkhokwe kupita ku foni. Yatsopano imene mwalandira pa WhatsApp kapena mwabwera nayo kuchokera ku Chipata iyambe yalowa kunkhokwe, ipatsidwe dzina loyenera, ndipo yotsalira m'foda imene inafikira ifufutidwe. Mindandanda muziisinthira mbali imodzi. Foni imodzi ilunzanitsidwe ndi kompyuta imodzi. Kwina konse muzingokopera ndi dzanja.

Kwa inu achinyamata amene mwayamba malonda obena nyimbo, funsani mwini khadi zimene ali nazo kale musanathiremo zanu, ndipo musalembe dzina lanu pa malo a woyimba, pakuti kutero kumachulukitsa mapasa ndiponso kumalanda ulemu wa mwini luso. Kumbukiraninso kuti nyimbo zili ndi eni ake, otetezedwa ndi lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndilo limapereka ziphaso kwa ochita malonda ndi nyimbo za ena. Kwa inu aphunzitsi anzanga, phunziro limeneli lingaphunzitsidwe ngakhale pa sukulu imene ili ndi kompyuta imodzi yokha, chifukwa mwana amene waphunzira kutcha fayilo dzina loyenera ndi kuiika pamalo pake adzasunga bwino makalata a ntchito, zithunzi za ziphaso zake ndi maakaunti a malonda ake.

M'gawo lotsatira tidzaona zimene munthu angachite khadi ikakana kutseguka, ndi chifukwa chake sayenera kufulumira kuvomera kompyuta ikamufunsa kuti aifafanize.