Mtengo wa pa foni si mtengo wa pa sikelo

Nyengo yokolola ikafika, mafoni a amalonda ku Mchinji sapuma. M'magulu a WhatsApp a ogula mbewu pa Kamwendo, Kapiri, Mkanda ndi Waliranji mauthenga amayenda usana ndi usiku: soya wakwera ku Lilongwe, mtedza ukusowa ku Chipata, malire atsekedwa. Mauthenga ena ndi oona, ena ndi a chaka chatha, pomwe ena amalembedwa dala ndi munthu wofuna kuti anzake agulitse mwamantha iye agule motchipa. Wopwetekeka ndi wamalonda wamng'ono amene wabwereka mpamba ku banki mkhonde, walipira galimoto, n'kukapeza kuti mtengo anaumva uja kulibe.

Asanakweze katundu, wamalonda wanzeru amaufunsa uthengawo mafunso anayi.

Loyamba, ndi kwacha iti? Ndalama ya Malawi ndi ya Zambia zonse ndi kwacha, zonse zimalembedwa ndi K, koma mphamvu yake ndi yosiyana kutalitali. Zambia idachotsa maziro atatu pa ndalama yake mu January 2013, ndipo kwacha imodzi ya kumeneko imasinthidwa ndi makwacha ambiri a kuno. Uthenga wongoti "K300" osanena dziko sunanene kanthu.

Lachiwiri, ndi wa liti? Chithunzi cha mitengo chopanda tsiku chimatha kuzungulira zaka. Kwacha ya Malawi idagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023, choncho mndandanda wolembedwa izi zisanachitike ungasocheretse munthu. Pa WhatsApp, uthenga wokhala ndi timivi tiwiri pamwamba ndiye kuti wadutsa m'manja ambiri, ndipo amene wautumiza mwina sadziwa n'komwe kumene udachokera.

Lachitatu, muyeso wake ndi uti? Kilogalamu, ndowa ndi thumba la makilogalamu 50 ndi zinthu zosiyana, ndipo ku Chipata ogulitsa ambiri amayeza ndi meda. Mtedza wosenda sufanana mtengo ndi wamakoko, Chalimbana safanana ndi CG7. Mtengo wokwera pa sikelo yobera ndi mtengo wotsika. Sikelo yoyenera ndi yomwe idayesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards.

Lachinayi, wanena ndani, nanga apindulanji anthu akakhulupirira? Mitengo yoyambira kugulira mbewu kwa alimi imalengezedwa chaka ndi chaka ndi Unduna wa Zaulimi, ndipo alangizi amakhala nayo. Bungwe la ACE limafalitsanso mitengo ya m'misika. Wailesi ya Mudziwathu ya konkuno ku Mchinji ndi Breeze FM ya ku Chipata zikalengeza nkhani pamakhala wozifunsa, pomwe uthenga wopanda dzina ulibe mwini. Kuposa zonsezi, kuimbira anthu awiri osadziwana amene ali pamsika womwewo tsiku lomwelo kumadya mayunitsi ochepa kusiyana ndi mtengo wa galimoto yobwerera ndi katundu. Paja safunsa adadya phula.

Nkhani za pa malire nazo zimafuna kutsimikiza. Chipata cha Mchinji-Mwami chidatsegulidwa ngati malo amodzi ochitira zonse mu December 2022, pamwambo womwe padali Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema. Pamenepo imagwira ntchito ndondomeko ya COMESA yothandiza amalonda ang'onoang'ono, yotchedwa STR: katundu wa mtengo wochepa amene ali pa mndandanda womwe mayiko awiriwa adagwirizana amadutsa ndi mapepala osavuta. Si katundu aliyense ali pa mndandandawo, ndipo malamulo otulutsira chimanga kunja amasinthasintha. Wonena zoona pa izi ndi wa MRA pa chipatapo, osati mawu ojambulidwa a munthu wosadziwika. Wotengera mphekesera n'kudzera njira zachidule amatha kulandidwa katundu yense.

Malonda akatheka, patsala kulandira ndalama. Akuba amatumiza uthenga wofanana ndi wa Airtel Money kapena TNM Mpamba wosonyeza ngati ndalama zalowa, kenaka n'kuimba kuti alakwitsa nambala, awabwezere. Ena amaonetsa chithunzi cha risiti pa foni yawo n'kunyamula katundu. Umboni weniweni ndi balansi: *211# pa Airtel Money, *444# pa Mpamba. Uthenga woona umachokera ku dzina la kampani, osati ku nambala ya munthu, ndipo palibe wogwira ntchito kukampani amene amafunsa PIN. Wobedwa motere adziwitse kampani ya foniyo msanga ndi kukanena kupolisi. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limakhudza milandu yochitidwa pa foni ndi pa intaneti.

Wamalonda amene walandira uthenga wosatsimikizika amathandiza anzake posautumiza kwina. Akautsimikiza, aulembe bwino: dzina la msika, tsiku, muyeso, mtundu wa mbewu ndi kwacha yake.